Ana ofuna udokotala tiwalangize msanga

A Mkonzi,

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, ana ambiri okhoza bwino amalakalaka udokotala. Komatu malo ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo imene inabadwa mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ndi ochepa, pomwe ofuna ndi khwimbi.

Chimandiwawa n'choti ana ambiri a m'ma CDSS amadzaza fomu ya NCHE, bungwe loyendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, popanda wowalangiza. Amangowerenga mapointi onse pamodzi, osadziwa kuti osankha amayang'anitsitsa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Winatu kusukulu kwawo kulibe ndi labotale yomwe, mayikulosikopu anangoyiona pa chithunzi m'buku.

Mwana amene wakhoza bwino sayansi adzaze fomu chaka chomwecho, asadikire. Pa fomupo asaike udokotala wokha, aikeponso unamwino kapena maphunziro a zamankhwala. Amene Chemistry yamugwetsa, kuli bwino abwereze Fomu 4 kusiyana n'kuti makolo azigulitsa nkhuku chaka ndi chaka kulipirira fomu.

Ndikupempha Unduna wa Maphunziro utumize alangizi m'masukulu ana akadali Fomu 2, asanasankhe maphunziro okalemba pa MSCE.

Kholo lodandaula,
Dedza