Lipoti la nthumwi yomwe inapita ku msonkhano wa ofuna kulowa sukulu za Physician Assistant

A Wapampando, a komiti ya maphunziro, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata a gulu lathu la Amalawi kuno ku South Bend ndi madera oyandikana,

Munandituma ku Indianapolis kukamva za kalowedwe ka sukulu za physician assistant, zomwe ambiri amangoti PA, ndipo munandipatsa mafunso atatu: kodi ana athu angalowe bwanji, kodi anzathu amene anali ma clinical officer kumudzi ali ndi njira yachidule, nanga ndalama zake ndi zingati. Ndinapita ndipo mayankho ndabwera nawo. Ena ndi okoma, ena si okoma, koma ndiwanena momwe ndinawamvera. Chachikulu chomwe ndabwera nacho ndi chakuti fomu yofunsira malo imalembedwa mwezi umodzi, koma zomwe zimalowa mu fomuyo zimasonkhanitsidwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ambiri a ife takhala tikuzisonkhanitsa osadziwa, osazilemba paliponse.

Kwa amene simuidziwa bwino ntchitoyi: PA amaona odwala, amayeza, amapeza matenda, amalemba mankhwala, ena amathandiza pa opareshoni, ndipo amagwira mogwirizana ndi dokotala. Inayamba ku Duke University mu 1965, pamene Dr. Eugene Stead anatenga anyamata omwe anali othandiza zachipatala m'gulu la asilikali a pamadzi n'kuwaphunzitsa. Oyamba anamaliza pa 6 Okutobala 1967. Chiyambi chimenechi chimaonekabe mpaka lero m'mene sukulu zimasankhira anthu: zimafuna munthu amene wagwirapo kale wodwala ndi manja ake. Maphunziro ake ndi a masters, amatenga pafupifupi miyezi 27, chaka choyamba m'kalasi ndipo chotsala m'zipatala, kuzungulira kwa ana, kwa amayi, kwa opareshoni, kwa odwala mwadzidzidzi, kwa matenda a maganizo ndi kwina. Malipiro apakatikati m'dziko muno ali cha m'ma $130,000 pachaka, ndiye mukhoza kuona chifukwa chake opikisana ndi ambiri ngakhale kuti sukulu zovomerezeka zapitirira 300.

Sukulu zambiri zimalandira mafomu kudzera pa khomo limodzi la pa intaneti lotchedwa CASPA. Limatsegulidwa kumapeto kwa Epulo chaka chilichonse. Mumalemba kamodzi, n'kusankha sukulu zomwe mukufuna kuti zilandire. Yoyamba mumalipira cha m'ma $180, iliyonse yowonjezera cha m'ma $60. Pali chikhululuko cha mtengo wa sukulu yoyamba kwa opeza zochepa, koma n'chowerengeka ndipo chimatha msanga. Mukatumiza, a CASPA amayamba aunika fomu yanu poiyerekeza ndi ma transcript, ndipo izi zikhoza kutenga milungu ingapo nthawi ya chipwirikiti. Mfundo yomwe olankhula kumsonkhanoko anaibwereza kwambiri ndi iyi: sukulu zambiri sizidikira tsiku lotsekera. Zimawerenga mafomu momwe akufikira, kuitana anthu ku intaviyu, n'kumadzaza mipando. Wotumiza mu Meyi kapena Juni ndi wotumiza mu Seputembala onse angakhale kuti sanachedwe malinga ndi kalendala, koma wachiwiriyu akulimbirana mipando yotsala.

Pa nkhani ya magiredi ndikufuna makolo mumvetsere. Mayi wina amene amakhala mu komiti yosankha ophunzira anaika pa sikirini transcript yachitsanzo. Mwana anapeza D mu chemistry chaka choyamba, anabwereza n'kupeza A. Koleji yake inafufuta D uja powerengera GPA, yomwe ndi avareji ya magiredi onse. Mayiyo anationetsa mzere wa CASPA: D ali pompo, A ali pompo, onse awiri awerengedwa. Muholo munamveka kung'ung'udza. CASPA imawerenga kalasi iliyonse ya pa koleji yomwe munthu anatengapo, ngakhale yomwe anatenga ali ku high school, ngakhale ya zaka khumi zapitazo pa community college yomwe anaiiwala. Imatulutsanso GPA ya sayansi payokha. Sukulu zambiri zimati malire ndi 3.0, koma amene amatengedwadi amakhala cha m'ma 3.6. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa m'mene ana athu amayambira koleji: chaka choyamba akugwira mashifiti a usiku kuti athandize pa lendi ndi kutumiza kumudzi, m'mawa ali mu labu maso ali gwa koma mutu uli mtulo. Giredi ya chaka chimenecho idzamutsata mpaka tsiku lofunsira malo. Mwana akakuuzani kuti semesita ino akufuna kuchepetsa mashifiti, musafulumire kumutcha waulesi. Chotonthoza n'chakuti makomiti ambiri amayang'ananso ngati magiredi akukwera, ndipo ena amaika mtima pa makalasi a zaka ziwiri zomaliza.

Makalasi ofunika musanalembe amasiyana sukulu ndi sukulu, koma kawirikawiri ndi anatomy, physiology, microbiology, chemistry, statistics ndi psychology, a sayansiwo okhala ndi labu. Sukulu zina zimakana makalasi a sayansi akale kwambiri, kuposa zaka zisanu kapena khumi. Digiri yoyamba ikhoza kukhala ya chilichonse bola makalasiwa akhalepo. Mayeso a GRE sukulu zambiri zinawasiya, zina zimawafunabe, zina zimafuna mayeso ena otchedwa PA-CAT kapena Casper. Musalipire mayeso musanaone mndandanda wa sukulu zanu.

Tsopano pomwe ndinakhalitsa, chifukwa ndi pomwe pali chuma chathu. CASPA imasiyanitsa maola a mitundu iwiri. Pali maola osamalira wodwala mwachindunji, omwe amawatcha PCE, monga ntchito ya CNA (wothandiza anamwino wokhala ndi setifiketi), EMT (wothandiza odwala mu ambulansi), medical assistant kapena wotenga magazi. Palinso maola ogwira m'chipatala koma osakhala ndi udindo pa wodwala, HCE, monga kulandira anthu pa desiki kapena kukankha njinga za odwala. Sukulu zina sizitchula chiwerengero, zambiri zimafuna pakati pa maola 500 ndi 2,000 a mtundu woyambawo, ndipo amene amatengedwa nthawi zambiri amakhala ndi ochuluka kuposa malirewo. Nditamva izi ndinaganiza za anthu athu. Ndi nyumba ingati pakati pathu yopanda munthu wogwira ku nursing home kapena ku group home? Ntchito yomwe ena amaichitira manyazi akamaimba foni kumudzi, yosambitsa nkhalamba, kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, kuyeza BP ndi shuga pakati pa usiku, ndi yomweyo ana a kuno amaifunafuna kuti adzaze fomu. Munthu amene wagwira chaka chathunthu cha maola 40 pa sabata ali kale ndi maola pafupifupi 2,000.

Koma pali zoti tisamale. Ndinafunsa mwachindunji za ntchito za m'ma group home ndi zosamalira munthu pakhomo pake, chifukwa ndi zomwe ambiri athu amagwira. Yankho linali lakuti zimadalira sukulu komanso zomwe munthuyo amachitadi. Ngati ntchito ndi kuphika, kuchapa ndi kuperekeza ku sitolo, makomiti ambiri saiwerenga ngati PCE. Ngati muli ndi setifiketi ya CNA ndipo mukugwira pansi pa namwino, pamenepo sipakhala mkangano. Kusamalira wachibale wanu kawirikawiri sikuwerengedwa. Choncho amene muli ndi maganizo a PA koma mukugwira opanda setifiketi, pezani ya CNA msanga. Kosi yake ndi ya milungu yochepa ndipo imapezeka ku koleji ya Ivy Tech komanso m'malo ena osamalira okalamba. Chachiwiri, fomu imafuna dzina la malo antchito, dzina la woyang'anira, masiku oyambira ndi omalizira, maola pa sabata, ndi kufotokoza ntchitoyo m'malemba ochepa kwambiri. Ife timasintha ntchito pafupipafupi, ena timagwira kudzera m'ma agency, ndipo pakatha zaka zitatu sitikumbukiranso dzina la bwana. Sungani ma pay stub. Lembani m'kope kapena mu foni mwezi uliwonse.

Anthu omwewo a kuntchito ndi amene adzakulembereni makalata a umboni. CASPA imalola mpaka asanu, sukulu zambiri zimafuna atatu, ndipo zina zimanenetsa kuti imodzi ichokere kwa PA kapena dokotala. Apa ndi pomwe ana athu amavutika, chifukwa alibe amalume dokotala woti awatsegulire khomo lokatsatira PA pantchito, zomwe amati shadowing. Pakati pathu pali anamwino angapo ogwira m'zipatala zikuluzikulu. Ndikupempha kuti muwafunse ma PA omwe mumagwira nawo ngati angalole wachinyamata kuwatsatira kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Nkhani yodzifotokoza yomwe munthu amalemba ili ndi malire a zilembo 5,000, kuwerenga ndi mipata yomwe, ndiye kuti tsamba limodzi ndi kachidutswa. Funso lake ndi lakuti n'chifukwa chiyani ukufuna kukhala PA. A makomiti osankha ophunzira anatichenjeza kuti amawerenga nkhani zambirimbiri za agogo odwala ndi za ulendo wa milungu iwiri ku Africa, ndipo zambiri zimalankhula za wodwalayo osati za wolembayo. Ine maganizo anga ndi akuti ana athu asabise kumene achokera, koma asagulitsenso umphawi wa kumudzi ngati chiphaso. Mwana amene anakhalapo pa benchi ya chipatala cha boma n'kuona clinical officer mmodzi akutha mzere wonse wa odwala ali ndi chifukwa chenicheni chomvetsera ntchito ya PA. Alembe chimene anaona, chimene anachita pambuyo pake, ndi chifukwa chake akusankha PA osati unamwino kapena udokotala, poti funso limeneli lidzabweranso pa intaviyu.

Funso lachiwiri linali la anzathu a clinical officer, ndipo apa ndilibe uthenga wabwino. Palibe njira yachidule. Kuti munthu alembe mayeso a dziko lonse a PANCE, omwe amapereka chilolezo cha dzina la PA-C, ayenera kumaliza pa sukulu yovomerezedwa ndi bungwe la ARC-PA, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngakhale amene anali dokotala kudziko lina amayamba chimodzimodzi. Zinandipweteka, chifukwa ndikudziwa kuti munthu amene anaphunzira ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo n'kukagwira pa chipatala cha boma wapanga maopareshoni a amayi oyembekezera omwe PA wa kuno sangaloledwe kupanga yekha. Koma dipuloma si digiri, ndipo sukulu za PA zimafuna digiri yoyamba. Amene ali ndi digiri ya kumudzi ayenera kuitumiza ku bungwe lounika mapepala akunja monga WES, ndipo sukulu zambiri zimafunabe kuti makalasi a sayansi aja atengedwe pa koleji ya kuno. Zina zimafunanso mayeso a Chingerezi a TOEFL. Za maola omwe munagwira ku Malawi, sukulu zina zimawalandira, zina zimafuna a kuno. Lemberani sukulu iliyonse musanawononge ndalama, ndipo yankho lake mulisunge. Ndikhulupirira kuti clinical officer amene wafika pa intaviyu amaonekera patali, koma ulendo wokafika pa mpando wa intaviyuwo ndi wa zaka, ndipo munthu wa banja ayenera kukhala pansi ndi mnzake asanauyambe.

Za ndalama. Sukulu zambiri fizi yokha imayandikira kapena kupitirira $100,000, osawerengera lendi ndi chakudya, ndipo kugwira ntchito uku ukuphunzira n'kosatheka kwenikweni. Sukulu zimaletsa kapena kuchenjeza mwamphamvu. Ngongole za boma zimaperekedwa kwa nzika ndi a green card, osati a visa ya sukulu, ndipo sukulu zina za PA sizitenga n'komwe ophunzira a visa. Lamulo lomwe linasainidwa mu Julayi 2025 likuthetsa ngongole ya boma ya omaliza digiri yoyamba yotchedwa Grad PLUS kwa obwereka atsopano kuyambira pa 1 Julayi 2026, ndipo ngongole imeneyi ndi yomwe ambiri ankakwanitsira fizi yonse. Ndiye aliyense afunse ofesi ya zachuma ya sukulu yake kuti malire a ngongole ndi otani tsopano. Pali sikolashipu ya National Health Service Corps yomwe imalipira fizi posinthana ndi kukagwira zaka ziwiri kapena kuposerapo kudera losowa azachipatala, koma ndi ya nzika zokha. Mukapatsidwa malo, sukulu imafuna dipoziti yosabwezedwa m'masiku ochepa, madola mazana angapo mpaka kupitirira chikwi.

Posankha sukulu, musangotsata dzina. Onani pa tsamba la ARC-PA ngati ndi yatsopano, yokhazikika kapena ili pa chenjezo. Sukulu iliyonse imakakamizidwa kuika poyera kuti ophunzira ake amakhoza bwanji PANCE ndiponso angati amasiyira panjira. Kuno ku Indiana zilipo zingapo: Butler ndi Indiana University ku Indianapolis, Saint Francis ku Fort Wayne, Valparaiso, Indiana State ku Terre Haute, Evansville ndi zina; kungowoloka malire kuli Western Michigan ku Kalamazoo. Kulembera sukulu zomwe simukukwanira malire ake n'kutaya ndalama, chifukwa fomu yotero imachotsedwa munthu asanaiwerenge. Ndipo kukanidwa chaka choyamba n'kofala. Ambiri amalowa ulendo wachiwiri atawonjezera maola ndi makalasi.

Zomwe ndikupempha gulu kuti likambirane pa msonkhano wathu wamawa ndi izi. Thumba la maphunziro, lomwe pano limangogula mphatso za omaliza sukulu, lipatule gawo lolipirira kosi ya CNA, mafomu a CASPA, ulendo wa ku intaviyu ndi dipoziti ija, chifukwa ndi ndalama zing'onozing'onozi zomwe zimagwetsa mwana pa nthawi yolakwika. Anamwino athu asankhe mmodzi wolumikiza achinyamata ndi ma PA. Ndipo tikumane ndi ana a chaka choyamba ndi chachiwiri ku koleji pamodzi ndi makolo awo Epulo asanafike, aliyense atatenga transcript ndi mndandanda wa malo omwe wagwirako ntchito, kuti tiwerengere limodzi. Mapepala omwe ndinalandira kumsonkhanoko ndasiya kwa alembi, ndipo malisiti a mafuta ndi chenji chotsala ndapereka kwa asungichuma.

Zikomo pondituma.

Nthumwi yanu, komiti ya maphunziro