Musanapachike cholendewera, yambani mwagona pomwe pagone mwanapo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene timasoka ndi kupanga tinthu ta ana pakhomo. Masiku ano tachuluka ndithu, ndipo ine zimandisangalatsa. Pa Facebook ndi pa WhatsApp anthu akuonetsana zidole zansalu, timatumba, ndi zolendewera zija timapachika pamwamba pa bedi la khanda kuti zizizungulira ndi kamphepo. Manja alipo, luso lilipo. Koma ndikamayang'anitsitsa zithunzizo ndimaona kuti zambiri tazikonzera maso a munthu wamkulu amene waima pakhomo la chipinda. Mwini wake weniweni wagona chagada pansi pake, ndipo alibe pakamwa poti n'kutiuza kuti sakuona kanthu.

Ndiyambe ndi cholendeweracho, poti ndi chimene ndimachikonda kwambiri. Munthu amadula timbalame kapena tinsomba pa katoni, n'kutikuta ndi nsalu, n'kutimanga ulusi pamsana kuti tilendewere choimirira. Mlendo akalowa amaona mbalame, amayamikira. Khanda lili pansipo limangoona mphepete mwa katoni, kamzere kopyapyala kopanda diso, kopanda phiko. N'chifukwa chake aliyense amene ndikumuphunzitsa ndimamuuza kuti asanakoke mfundo yomaliza agone pansi, mnzake amugwirire chinthucho pamwamba, aone yekha. Akadzukapo sachitanso kuuzidwa. Timbalame tija amatigoneka kuti nkhope ndi mapiko ziyang'ane pansi, kapena amatisoka tofufuma kuti tizioneka mbali iliyonse.

Mitundu nayo timasankha yokomera ife. Timakonda yofewa, yotuwirako, yooneka mwaulemu m'chipinda. Mwana wongobadwa kumene amaona bwino chinthu chimene chili pamtunda wa masentimita 20 mpaka 30, ndipo chimene chimamukoka maso ndi kusiyana kwamphamvu, chakuda pambali pa choyera, mizere, madontho akuluakulu. Katswiri wina wa ku America, Robert Fantz, anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti makanda amayang'ana nthawi yaitali chinthu chamizere kapena chankhope kusiyana ndi chinthu cha mtundu umodzi chopanda cholembapo. Ndiye kansalu kakuda kotsala pa siketi ndi kansalu koyera kotsala pa malaya ndi chuma chokwanira masabata oyambawo. Zofiira, zachikasu ndi zobiriwira zibwere mwana akamakula, maso akamakhwima.

Ena amati khanda silidziwa kanthu, chilichonse chimene mwapachika n'chimodzimodzi. Ine sindivomereza. Mayi wina wofufuza za maganizo a ana, Carolyn Rovee-Collier, anamanga kansalu kuchokera kumwendo kwa khanda kukafika pa cholendewera. Mwanayo atazindikira kuti akaponya mwendo zinthu zija zikuvina, anayamba kuponya mwendo kwambiri. Zotsatira zoyamba anazisindikiza mu 1969, ndipo kafukufuku wake wa pambuyo pake anaonetsa kuti mwana wa miyezi itatu amakumbukirabe zimenezi patatha pafupifupi sabata. Kamunthu kagona apoko kakuphunzira, kakusunga. Koma chonde amayi anzanga, musakamange mwana chingwe kumwendo poti mwawerenga izi. Wofufuzayo ankachita ali chilili pambali pake, maso ali pamwana, kwa mphindi zowerengeka.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri mphwayi ndi kulinganiza. Amayambira pandodo yapamwamba n'kumatsika, ndiye kanthu kalikonse kamene awonjezera kamapendeketsa zonse zimene anakonza kale, mpaka amangozitaya. Yambirani pansi. Tengani kandodo kotsirizira, ka nsungwi kapena ka waya wolimba, mangani kambalame kunsonga iyi ndi kena kunsonga inayo. Ulusi wonyamulira muukolowekeko pakati ndi mfundo yosakoka. Kenako muzisuntha mfundoyo ndi chikhadabo, pang'ono pang'ono, kandodo kali lende m'malere. Mudzaona kakugwada uku, mwasuntha kachidutswa, kagwadira uko, mwabweza theka lake, basi kagona mowongoka ndipo kayamba kutembenuka kokha. Pamenepo ndiye kokani mfundo, dontheziranipo guluu kuti isatsetsereke. Zonsezo tsopano zasanduka katundu mmodzi woti mukamange kunsonga ya ndodo yachiwiri, ndipo muzikwera chomwecho mpaka pamwamba.

Lamulo lake ndi lomwe lija la sikelo: cholemera chimakhala pafupi ndi ulusi wonyamulira, chopepuka chimakhala patali. Ngati ndodo ndi ya masentimita 30 ndipo cha kumanja chikulemera kawiri kuposa cha kumanzere, mfundo ikhala cha pa masentimita 10 kuchokera kumanja. Mwana wa sukulu amene wakugwirirani ndodo pa ntchito imeneyi saiwalanso phunziro la sayansi limeneli, chifukwa waligwira ndi zala. Mukamaliza, zungulitsani ndodo iliyonse ndi chala kuti muone ngati ikugunda inzake. Ikagunda, talikitsani ulusi wa pakati pake kapena fupikitsani ndodo yam'munsi. Ndipo zinthu zikhale zopepuka. Cha nsalu, cha pepala kapena cha nthenga zosokerera bwino chimayenda ndi mpweya wa munthu wongodutsa, pamene cholemera chimangoti duu.

Tisamadzione ngati tikuchita masewera. Alexander Calder, mmisiri wa ku America amene anatchuka ndi zolendewera kuyambira cha mu 1931 ali ku Paris, anaphunzira uinjiniya asanakhale waluso, ndipo zida zake zinali waya, malata odula ndi pulayala. Lero ntchito zake zili m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo zaluso. Masamu amene ankagwiritsa ntchito ndi omwewa tikuchita ndi chikhadabo patebulo.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Chinthu chikakhala chopangidwa ndi manja a mayi kapena agogo, anthu amangoti n'chabwino basi, poti chapangidwa ndi chikondi. Chikondi chilipodi, koma ulusi wautali sudziwa amene waumanga. Cholendewera ndi cha maso okha, sichoti mwana azichigwira. Chikhale pamene dzanja lake silifika, chokoloweka pa chinthu cholimba, ndipo madokotala a ana a bungwe la American Academy of Pediatrics amalangiza kuti chichotsedwe mwana akayamba kudzikankha ndi manja ndi mawondo, kapena akafika miyezi isanu, chimene chayamba kuchitika pa ziwirizi. Mwana wa msinkhu umenewo amatha kuchikoka, ulusi n'kumukulunga pakhosi, ndipo mwana wokulungidwa pakhosi salira. Ndikudziwa kuti zimawawa kutsitsa chinthu chimene munachikhalira usiku. Chisamutseni mukachipachike pafupi ndi zenera, pamwamba, azichionabe ali m'manja mwanu.

Pa zidole vuto lalikulu ndi maso. Mabatani awiri akuda amakongoletsa nkhope mwachangu, n'zoona, ndipo mikanda imawala. Koma mwana wosakwana zaka zitatu amayesa chilichonse ndi pakamwa, ndipo mano ake ang'onoang'onowo amadula ulusi umene inu mumauona ngati wolimba. Ku America ndi ku Ulaya opanga zidole amayeza tizidutswa ndi kachitini kotakata masentimita atatu ndi pang'ono. Chilichonse cholowa chathunthu m'menemo amachiwerengera kuti chingatsamwitse mwana wa msinkhuwu. Pakhomo mungagwiritse ntchito kachikatoni kam'kati mwa pepala la kuchimbudzi, komwe n'kotakata kuposa pamenepo: chikalowa, sichoyenera khanda. Maso, mphuno ndi pakamwa muzisoke ndi ulusi wakuda, mobwerezabwereza pamalo amodzi mpaka diso litatumphuka. Limatenga kanthawi, koma silichoka, ndipo kunena zoona nkhope yosoka ndi ulusi imaoneka yamoyo kuposa ya mabatani. Maginito ndi timabatire tozungulira tija tisayandikire n'komwe chidole cha mwana. Timeneti tikamezedwa timawononga m'kati m'maola ochepa.

Zoika m'kati nazo tiziganizire. Njere, mchenga, timiyala toti tizilira ndi tizidutswa ta siponji zimakhala bwino tsiku loyamba, koma msoko ukangotseguka pang'ono zonse zili m'kamwa. Komanso njere zikanyowa zimachita nkhungu, ndiye chidolecho simungachichape. Ine ndimadula zotsala za nsalu tizidutswa ting'onoting'ono ndi sizasi, kapena ndimachapa thonje la m'pilo wakale n'kuliyanika mpaka liumiretu. Polowetsa, lowetsani pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga za miyendo ndi makutu, mukukankha ndi kumbuyo kwa pensulo. Mukalowetsa chibulu chachikulu kamodzi, chidole chimatuluka ndi mabampu.

Makina osokera si ofunikira pa zimenezi. Msoko wa pamanja wobwerera m'mbuyo, uja singano imatuluka kutsogolo n'kubwerera kukalowa pomwe panathera ulusi woyamba, ndi wolimba mokwanira. Siyani sentimita imodzi m'mphepete, sokani nsalu zitayang'anizana kumaso, ndipo pokhota paliponse chekani timipata m'mphepetemo osafika pa ulusi, kuti mukatembenuza pasakhwinyate. Siyani kabowo kotembenuzira pamalo owongoka, m'mbali mwa mimba, chifukwa pakhosi kapena pakhwapa m'povuta kutseka. Mukatseka, chikokeni chidolecho mopanda chisoni, mwendo uku khutu uku. Chikang'ambika m'manja mwanu mwapulumuka. Nsaluyo muyambe mwaichapa musanaidule, kuti ngati ili yosuluka kapena yobwerera ichitiretu zimenezo isanakhale chidole.

Ndikamasoka njovu ndimakumbukira Margarete Steiff wa ku Germany. Anadwala poliyo ali mwana wamng'ono, moyo wake wonse anayendera njinga ya olumala, ndipo dzanja lake lamanja linali lofooka. Anali telala. Mu 1880 anasoka kanjovu kansalu koti azibayapo mapini, koma ana anakatenga n'kumaseweretsa, ndipo pamenepo ndi pamene inayambira kampani ya zidole ya Steiff imene ilipo mpaka lero. Chimene chimandigwira mtima m'nkhaniyi n'chakuti mayiyu anaona zimene anawo akuchita ndi kanjovuko, n'kutsatira iwowo.

Za zikwama sindichulutsa, poti ambiri timazitha. Chikwama chimafera pa zogwirira ndi pansi. Chogwirira musangochilumikiza ndi mzere umodzi pamlomo. Chitsitseni masentimita atatu kapena anayi m'kati, sokani kabokosi, n'kudutsitsa mizere iwiri yopingasa m'kati mwa kabokosiko. Pansi, pindani ngodya iliyonse ikhale ya nsonga zitatu n'kusoka modutsa, chikwama chipeze thako loti n'kukhalira. Ngati mulibe makina otchinga m'mphepete, sokani kawiri: koyamba nsalu ili kumaso, chepetsani mphepete, tembenuzani, sokaninso kuti mphepete yoyoyokayo itsekeredwe m'kati. Miyendo ya jinzi yakutha imapanga zogwirira zosaduka. Ndipo pali chifukwa china chosokera ndi nsalu yakale. Lipoti la bungwe loona za chilengedwe ku England, Environment Agency, la mu 2011 linapeza kuti chikwama chatsopano cha thonje chiyenera kugwira ntchito ka 131 kuti chipose jumbo yogwiritsa ntchito kamodzi pa nkhani ya mpweya wotenthetsa dziko, chifukwa kulima ndi kuwomba thonje kumadya zambiri. Nsalu imene inavalidwa kale ngongole imeneyo ilibe. Kachikwama ka mwana wamng'ono kokha kakhale ndi zogwirira zazifupi za m'manja. Lamba wautali wopachika m'khosi ndi zingwe zokoka pamlomo zidikire akule.

Kwa anzanga amene mwayamba kugulitsa, muuzeni wogula msinkhu wa mwana amene chinthucho chikumuyenera, ngakhale asanafunse. Kapepala kakang'ono komangirira pa chidole kapena pa cholendewera, kolembapo kuti n'cha zaka zingati, kachapidwe kake, ndi nthawi yochitsitsa pabedi, sikakutayitsani kasitomala.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi ili. Tipatseniko kangodya ka tsamba, ngakhale kamodzi pamwezi, kosindikizapo patani imodzi pa kukula kwake kwenikweni, kuti munthu angoika pepala pamwamba n'kulondola ndi pensulo. Mwezi uno njovu, mwezi wamawa mbalame yogoneka ya cholendewera, kenako chikwama cha mabuku. Malangizo akhale m'Chichewa, miyeso m'masentimita, ndipo pansi pa patani iliyonse pakhale mzere wonena msinkhu wa mwana ndi zoyenera kupewa. Mavidiyo a pa intaneti amathandiza, koma amadya bandulo, amathamanga, ndipo sungawaike pansalu n'kudula. Mapatani anga ndinawajambula kale pa makatoni, ndipo ngati mungalole ndikutumizirani atatu oyambirira, aliyense ndi chithunzi chojambulidwa kuchokera pansi.

Ine wanu,
Mayi wosoka pakhomo