Buledi wa dzira wa ku Incheon

Mnzanga,

Ndikulemba ndili m'bulangete. Kuzizira kwa Januwale kuno ku Incheon, ku South Korea, si kwamasewera. Kwa Juni kuja tinkadandaula nako ku Dedza n'chibwana chabe. Madzi amaundana mumsewu, makutu amachita kuwawa ngati wina akuwatsina.

Unandifunsa ngati zakudya ndazizolowera. Kimchi, ndiwo yawo ya kabichi wosasitsa wa tsabola, ndikulimbana nayobe, koma pali kanthu kena kandigwira mtima. Amakatcha gyeran-ppang. Gyeran ndi dzira, ppang ndi buledi. Kamagulitsidwa m'mbali mwa msewu, makamaka nyengo yozizira ino. Anzanga a ku Inha University amanyadira kuti kanayambira pageti lakumbuyo la sukulu yawoyo mu 1984, ngati chotolera cha ana asukulu a m'thumba mopepuka.

Pafupi ndi siteshoni ya sitima pali mayi wina amene ndimamugula. Chiwaya chake n'chachitsulo, chili ndi timaenje totalikirako. Amapakamo mafuta, n'kuthira phala la ufa watirigu losakaniza mkaka, shuga ndi bekingi pauda. Kenako amaswera dzira lathunthu m'kaenje kalikonse, kuwaza kamchere, n'kuvundikira. Fungo lake limakupeza usanafike n'komwe. Akaphula, pansi pamakhala pofiirira, potsekemera ngati keke, pamwamba dzira lili phwii, lofewa, la kamchere pang'ono. Shuga ndi dzira pamodzi, ndikudziwa ukukwinya nkhope. Inenso ndinkatero.

Tsiku loyamba ndinaluma mwadyera, lilime n'kupsa, misozi mbwee! Mayiyo anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Pano ndimayamba ndafumbata kakapu kapepala komwe amaikamo, zala ziyambe zamva kutentha. Amandigulitsa 2,000 won (ndalama za kuno) kamodzi. Ku Myeongdong, mu Seoul, komwe kumadzaza alendo, mtengo umakwererapo ndipo ena amathiramo tchizi ndi hamu, koma ine ndimaona kuti amangokawononga.

Ndiye tamvera. Iwe ndi katswiri wa chigumu, izi sizingakukanike. Tenga makapu achitsulo aja, upakemo mafuta, phala lisafike theka, dzira pamwamba. Uwaike mumphika pambaula, makala ena pachivundikiro monga mwa nthawi zonse, koma moto usachuluke, chifukwa pansi pangapserere dzira lisanagwire. Zikatheka unditumizire chithunzi pa WhatsApp. Zikakanika unditumizirebe, ndisekeko.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti ufa uja anandipatsa unatha kalekale.

Ndine,
mnzako wa ku chisanu