Makina a mini-split m'galaja salowetsa mpweya wabwino

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za makina a mini-split, okhala ndi chigawo cha m'kati ndi cha panja zolumikizidwa ndi mapaipi, amene amisiri ambiri akuika m'magalaja ndi m'mashopu awo kuti aziziziritsa malo ogwirira ntchito kukatentha ndi kuwatenthetsa kukazizira. Makinawa ndi abwino ndithu, popeza sapanga kutentha monga imachitira hita ya waya, koma amangokusamutsa kuchokera panja kulowa m'kati kapena kuchokera m'kati kupita panja, kotero kuti pa yuniti imodzi ya magetsi amatha kupereka kutentha kokwana mayuniti atatu kapena anayi. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti ogulitsa amatamanda zimenezi osatchula kuti galaja si chipinda chogona.

Chigawo cha m'kati, chija chimapachikidwa pakhoma, chimangokoka mpweya womwewo wa m'chipindamo n'kuubwezanso, ndipo pabowo loboola khoma pamadutsa mapaipi awiri a kopa, mawaya ndi paipi yotulutsa madzi basi. Munthu amene watseka chitseko kuti kuzizira kusathawe, kenaka n'kuliza injini ya galimoto, kuwotcherera zitsulo kapena kupopera penti, akupuma utsi wonsewo, ndipo mpweya wa carbon monoxide umapha wopanda fungo lililonse lochenjeza. Ntchito zotere zimafuna chitseko chotsegula kapena fani yotulutsa mpweya panja, makinawo alipo kapena palibe.

Kwa akalipentala vuto lalikulu ndi utuchi. Masefa a makinawa ndi ukonde wopyapyala wopangidwira fumbi la m'nyumba, choncho utuchi wosalala umadutsa n'kukamatirira pa tizitsulo tonyowa ta aluminiyamu, umasanduka phala, ndipo phalalo likatseka paipi ya madzi, madzi amayamba kudontha pakhoma, mwinanso pa matabwa amene mmisiri wangopala kumene. Chigawochi chiikidwe kutali ndi macheka, masefa azitsukidwa kawirikawiri, ndipo pogwira ntchito ya fumbi lambiri ndi bwino kungozimitsa makinawo.

Ena amaganiza kuti kugula makina aakulu, a BTU 18,000 pamalo oyenera a 12,000 (BTU ndi muyeso wa mphamvu yoziziritsa kapena kutenthetsa), kuthetsa vuto la denga lamalata lopanda siling'i ndi chitseko chachitsulo chokhala ndi mipata. Zimenezi n'kutaya ndalama, chifukwa makina okula mopitirira amazizitsa msanga n'kuzima asanachotse chinyezi, chimene chimachititsa dzimbiri pa zida. Denga ndi chitseko zikonzedwe kaye.

Pomaliza, oika makinawa akhale odziwa ntchito. Mapaipi ayenera kupopedwa ndi pampu yochotsa mpweya ndi chinyezi gasi woziziritsa wa m'makinamo asanatsegulidwe, makinawo akhale ndi buleka ya magetsi yawoyawo, ndipo mwini shopu afunse mtundu wa gasi, chifukwa R-32, amene ali m'makina ambiri atsopano, amatha kuyaka akatuluka pafupi ndi moto wa owotcherera.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu