Maphunziro a makochi a m'sukulu asathere pa intaneti

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya maphunziro a aphunzitsi amene amaphunzitsa mpira wamiyendo m'sukulu za sekondale. Ena akunena kuti popeza bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse la FIFA linaika maphunziro a ukochi pa intaneti, palibenso chifukwa chosonkhanitsira makochi pamalo amodzi monga kumalo ophunzitsirako mpira a Chiwembe ku Limbe. Ine sindikugwirizana nawo.

N'zoona kuti malamulo a mpira ndi kakonzedwe ka ndondomeko ya zokonzekera munthu angathe kuziphunzira pa foni, ndipo mphunzitsi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amapulumutsa ndalama zoyendera ndi zogonera, ngakhale kuti kudula kwa bandulo ndi kuzimazima kwa magetsi kumamubwezanso m'mbuyo. Koma kugawa ana a timu yonse pabwalo lafumbi pamene mipira ilipo iwiri yokha, kuzindikira wosewera amene akuponda molakwika pomenya mpira, kapena kuthandiza mwana amene wabinya mwendo, zimafuna mlangizi amene ali pomwepo kuti amuwongolere kochi nthawi yomweyo.

Ndikupempha a FAM, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'dziko muno, ndi a MASSA, bungwe loona zamasewero m'sukulu, kuti maphunziro a m'kalasi azichitikira pa intaneti, koma apabwalo aziwapititsa m'maboma nthawi ya holide, pamene aphunzitsi amakhala ndi mpata.

Mphunzitsi wa zamasewero,
Dedza