Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a sayansi: kuphunzitsa za mpweya

A wapampando ndi aphunzitsi anzanga, ndabwerako ku msonkhano umene munandituma. Nkhani imene inatenga nthawi yaitali inali ya mpweya, yakuti ndi mamolekyu ang'onoang'ono othamanga osapuma, ogundana okhaokha ndi kugunda makoma a chotengera chawo.

Chachikulu chimene ndabwera nacho n'chakuti timathamangira masamu ana asanaone mamolekyuwo m'maganizo mwawo. Mwana amaloweza lamulo la Boyle la mu 1662, lakuti mpweya ukafinyidwa mphamvu yake yokankha imakwera, koma mukamufunsa chifukwa chake amangoyang'ana pansi. Wotsogolera zokambirana anapatsa aliyense sirinji yopanda singano. Tinatseka kukamwa kwake ndi chala n'kuyamba kukankha. Poyamba imalowa mosavuta, pofika pakati imalimba mpaka chala kumva kuwawa, ndipo mukaisiya imabwerera yokha. Mamolekyu sanachuluke, ndipo ngati kutentha sikunasinthe liwiro lawo ndi lomwe lija. Malo ndiwo achepa, ndiye akugunda khoma pafupipafupi. Daniel Bernoulli anafotokoza zimenezi mu 1738, ndipo patapita zaka zoposa 100 Clausius, Maxwell ndi Boltzmann anazilimbitsa ndi masamu.

Tinakhalitsa pa zinthu zimene ana amamva molakwika. Ambiri amaganiza kuti mpweya ukatenthedwa mamolekyu amafufuma, ena amati pakati pa mamolekyu palinso mpweya. Mamolekyu sakula, amangothamanga kwambiri, ndipo pakati pawo palibe kanthu. Chinanso ndi cha madigiri. Mwana akaona kutentha kwachoka pa madigiri 20 kufika pa 40 amati mpweya utenga malo owirikiza kawiri. Lamulo la Charles, lakuti mpweya ukatenthedwa umatenga malo okulirapo, limafuna muyezo wa kelvin, woyambira pa madigiri -273.15, choncho kusinthako ndi kuchoka pa 293 kufika pa 313 basi. Apa mayeso amagwetsa ana ambiri, ndipo ine ndikuona kuti tiziwalembetsa kelvin asanayambe kuwerengera chilichonse.

Mnzathu wina anafunsa funso labwino. Ngati mamolekyu a nayitrojeni amathamanga pafupifupi mamita 500 pa sekondi, bwanji fungo limachedwa kufika kumapeto kwa chipinda? Yankho ndi kugundana. Molekyu imodzi imagunda anzake maulendo mabiliyoni pa sekondi, motero imangokhotakhota. Anationetsa ndi chubu chagalasi: mbali ina thonje lonyowetsedwa ndi amoniya, mbali ina thonje la asidi wa hydrochloric. Tinadikira mphindi zingapo, kenako mkombero woyera unaoneka m'katimo pamene nthunzi za ziwirizi zinakumana, kufupi ndi mbali ya asidi. Pa muyezo woyerekezera kulemera kwa mamolekyu, molekyu ya amoniya imalemera 17 pamene ya asidiyo ndi 36.5, ndiye yopepukayo inayenda mtunda wautali. Ntchito iyi azichita mphunzitsi yekha, mawindo ali otsegula, chifukwa nthunzi zake zimapweteka maso ndi mphuno.

Za wasayansi van der Waals, amene mu 1873 anakonza masamu a mpweya poganizira kuti mamolekyu ali ndi kukula kwake ndipo amakokana, tinangodutsapo. Zikhale za makalasi apamwamba.

Pempho langa n'lakuti tigwirizane kuyamba mutuwu ndi sirinji m'manja mwa mwana aliyense, malamulo a Boyle ndi Charles abwere pambuyo. Ngati mwavomera, tikambirane pa mkumano wathu wotsatira za kugula masirinji komanso amene ayambe kuyesa njirayi m'kalasi mwake.