Soda yophikira delele si mankhwala a chilungulira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za chilungulira, vuto limene anthu a muno mu Lusaka timalipeputsa kwambiri. Ine ndimaphika nsima yogulitsa pamsika wa Soweto, ndipo nthawi zambiri makasitomala amandipempha kuti, "Mayi, ndisungunulireniko kasoda m'madzi, pamtima pakuotcha." Ambiri ndi madalaivala a minibasi, makondakitala ndi anyamata okankha mawilibala. Munthu amamwa, n'kugeya mwamphamvu, basi wachira. Mawa lake wabweranso ndi pempho lomwelo.

Sodayo ndinasiya kupereka, ngakhale ena amanditcha woumira. Chifukwa chake ndi alongo anga aakulu. Kwa zaka zambiri ankadzidzimuka pakati pa usiku madzi owawasa atafika kukhosi, m'mawa mawu ali osasa, chifuwa chouma chosamva mankhwala. Pambali pa bedi pawo sipankasowa kapu ndi kapaketi ka soda. Anavomera kupita kukiliniki pamene mbamu ya nsima inayamba kuima pachifuwa mpaka kuitsitsa ndi madzi. Kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH, komwe anawalowetsa kukhosi kapaipi kokhala ndi kamera, n'kupeza kuti njira ya chakudya yapsa ndipo yachepa chifukwa cha zipsera.

Zimene adokotala anatifotokozera n'zosavuta kumva. M'chifu muli asidi wamphamvu wogaya chakudya, ndipo chifucho chili ndi chitetezo chake. Pamene njira ya chakudya imalumikizana ndi chifu pali mnofu umene umamanga ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Mnofuwo ukafooka kapena ukamamasuka pa nthawi yolakwika, asidi amakwera n'kuotcha malo opanda chitetezo. Zikachitika mwa apo ndi apo si nkhani. Koma zikamabwera kawiri kapena kuposa pamlungu, amenewo ndi matenda. Amabweretsa zilonda kummero, amadya mano, ndipo kwa anthu ochepa khungu la m'katimo limasintha moti lingadzasanduke khansa.

Soda imaziziritsadi asidi kwa kanthawi, sindikukana. Koma imatulutsa mpweya wotupitsa mimba, ndiponso ili ndi sodium ngati wa mumchere. Taganizani munthu wa BP akumwa zimenezi tsiku ndi tsiku! Choipa kwambiri n'chakuti imabisa vuto uku mkati mukupsa.

Kadyedwe kathu ka m'tauni n'kamene kamandidetsa nkhawa. Munthu amachoka ku Chawama kapena ku Matero kusanache, tsiku lonse ali ndi chitumbuwa chimodzi ndi chakumwa cha gasi. Madzulo amachedwa pamzere wa magalimoto mu Kafue Road kapena mu Lumumba, kufika kunyumba 9 koloko itadutsa. Akatero amadya nsima yaikulu ya ndiwo zosambira m'mafuta ophikira, kusamba m'manja, n'kudziponya pabedi. Asidi alekerenji kukwera? Alongo anga anauzidwa kuti azidya pang'onopang'ono masana, adikire maola 3 asanagone, akweze kumutu kwa bedi ndi njerwa masentimita 15 kapena 20, ndipo azigonera kumanzere. Fodya anasiya, mowa ndi michopo anachepetsa, mimba yomwe inkathinitsa lamba inaphwa. Anapatsidwanso omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi omwa m'mawa asanadye kanthu. Lero amagona mpaka kucha.

Ine ndimadya za nsima yomweyi, choncho sindikunena kuti anthu aisiye. Ndikunena za kuchuluka kwake ndi nthawi yake.

China n'chakuti tisamati kupweteka kulikonse kwa pamtima ndi maalsa. Zilonda za m'chifu kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori, kamene kamafuna kuyezedwa ndi mankhwala akeake. Zimayambanso ndi Brufen, diclofenac ndi aspirin, omwe okankha mawilibala amameza ngati switi chifukwa cha msana, chikhalirecho amawonjezeranso kuotchako. Amayi oyembekezera nawonso chilungulira chimawavuta, koma afunse anamwino kusikelo asanamwe chilichonse.

Chakudya chikamaima pokumeza, thupi likamatsika popanda chifukwa, ukasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, usadikire malipiro a mwezi. Pachifuwa pakamanga, ululu n'kumapita kudzanja kapena kunsagwada uku thukuta likutuluka, ungakhale mtima, thamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Pa mliri wa kolera wa 2024 uthenga wosamba m'manja unafika m'misika ndi m'makomboni monse, ndipo tinamva. Ndikupempha a Unduna wa Zaumoyo ndi mawailesi athu kuti nkhani ya chilungulira aifikitsenso pamasiteshoni a basi ndi m'misika, m'chilankhulo chathu, chifukwa odwalawo ali kumeneko ndipo nthawi yokhala pamzere wa kukiliniki saipeza msanga.

Mayi wophika nsima,
Chawama, Lusaka